Renard Sanacheuke

Marlowe, 8 Sepitembala 1986

Achimwene Cleophus,

Moni kwa inu ndi kwa alamu anga a Bernice. Mwendo wawo uli bwanji? Ine ndili bwino, kupatula bondo langa lija, limene tsopano limalosera mvula bwino kuposa munthu wa pa wailesi.

Ndasankha kulemba chifukwa lamya yanu ija theka la Ozella limamvetsera nawo, ndipo sindifuna kuti Mayi Eula adziwe nkhani ya banja lathu ine ndisanaidziwe.

Mpira wa chaka chino, uja wogwira m'manja ndi kugundana, unayamba Loweruka. Tauni inadzaza mpaka anthu kuimika magalimoto pa kapinga wa tchalitchi, abusa ali pachipata kuwalozera malo. Utsi wa nthiti za nkhumba unayamba kufuka dzuwa lisanatuluke. Tinapambana, ndipo mphoto yanga inali mulu wa malaya amatope, poti masana kunagwa mvula. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikuchapira timu ya koleji ino, moti amene wasewera ndi amene sanasewere ndimawadziwa osapita kubwalo. Malaya a mwana wanu Renard ndiwo osavuta pa onse. Chino ndi chaka chake chachinayi, chomaliza, ndipo akadali pa benchi kudikira kuti wa kutsogolo kwake athyoke. Sadandaula. Pokonzekera amafika woyamba, ndipo makochi amamukonda monga mmene munthu amakondera tayala la sipeya.

Koma si za benchi zimene ndikulembera. Mwanayu masana aliwonse amatsikira kuno kochapira, ati kudzafunsa sokosi. Sokosi ali nazo. Chimene amafuna ndi choti ndimuuze ngati kwabwera kalata yochokera kwanuko. Akuti wakulemberani kanayi kuyambira Juni, ndipo zimene walandira ndi za mayi ake zokha, pansi pake popanda ngakhale dzina lanu. Pa Khrisimasi akuti munamuyankhula mawu osakwana khumi, ndipo asanu mwa iwo anali onena za mpanda. Dzulo anabwera kudzadya kwa ine, nasiya nkhuku m'mbale. Munthu wa thupi ngati ng'ombe yamphongo akasiya nkhuku, pali nkhani.

Wakulakwirani chiyani? Iye sakudziwa. Ndiuzeni ine, ngati akuyenera ndimukoka khutu ndekha.

Mlongo wanu wamkulu,
Odessa


Ozella, 19 Sepitembala 1986

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Tili bwino. Mwendo wa Bernice ukutupabe, adokotala ati asamayende ulendo wautali. Inu bondolo muzipaka mafuta ndinakupatsani aja, musamangowasunga.

Nkhumba yamawanga ija yaswa ana khumi ndi mmodzi, awiri afa. Chimanga chachita bwino kumunsi, kumtunda chapsa. Denga la tchalitchi tamaliza mbali imodzi. Mpanda uja ndinakonza ndekha.

Za mnyamatayo, palibe chimene walakwa. Wakula. Ali ndi makochi, ali ndi inu, ali ndi anthu a matayi omuzungulira. Kalata ya munthu wonunkha nkhumba angaichite chiyani? Mumuuze aziwerenga mabuku, ndicho anapitira kumeneko.

Mtedza wa pekani ukayamba kugwa ndidzakutumizirani thumba.

Ndine,
Cleophus Tate


Ozella, 29 Sepitembala 1986

Alamu anga okondedwa,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko? Kodi mwana wanga akudya? Ndikulemba achimwene anu ali kumsika wa nkhumba, ndipo kalatayi ndipereka kwa wamakalata pamanja. Chonde zimene ndikuuzenizi zikhale za mumtima mwanu.

Chaka chatha mu Novembala, Loweruka lina m'mamawa, anavala malaya oyera a ku tchalitchi ndi chipewa chatsopano, nandiuza kuti akupita kukaona nkhumba yamphongo imene munthu wina akugulitsa kutali. Munthu savala chipewa chatsopano pokaona nkhumba. Mukudziwa kuti iwowa za mpirazi ankazikana, ankati mwana akhale pano aphunzire munda. Komatu Loweruka lililonse amakakhala m'galimoto kuseri kwa khola, wailesi ili pansipansi, ngati kuti ine sindidziwa.

Anabwera ku Marlowe komweko. Panjira tayala linaphulika, posintha malaya onse anada ndi girisi, ndipo anafika mochedwa, osapeza mpata wodzera kwa inu kuti asambe. Anapeza anthu ataima mbali zonse ziwiri za msewu wa mitengo uja, mabasi a timu akufika. Anadzipanikiza mpaka kutsogolo pa chingwe chotchinga anthu. Anyamata anatsika atavala majekete ndi matayi, ndipo anamuona Renard akubwera, mbali yomweyo imene iwo anaima. Anamuitana ndi dzina lapakhomo lija, Nardi, natambasula dzanja. Akuti mwanayo anadutsa pafupi moti akanatha kumugwira batani la jekete. Sanacheuke. Anamuitananso kawiri. Sanacheuke.

Mpirawo sanaonere. Anatembenuza galimoto, maola anayi, nafika kuno dzuwa likulowa, tikiti ili m'thumba yosang'ambidwa. Ndinaipeza ndine pochapa. Zonsezi anandiuza kamodzi kokha, patapita miyezi itatu, ndipo anati: "Mwana wachita manyazi ndi malaya anga, Bernice. Sindidzamuchititsanso manyazi."

Ine sindikhulupirira kuti mwana amene ndinabereka angachite zotere, koma sindinalipo. Kumufunsa ndimaopa. Akati ndi zoona, sindidziwa kuti ndidzamuyang'ana bwanji. Inu mumamuona tsiku ndi tsiku. Kodi wasintha? Kodi kumeneko amanena kuti kwawo ndi kuti?

Mlamu wanu,
Bernice


Marlowe, 3 Okutobala 1986

Iwe Cleophus,

Moni. Lero ulemu ndausiya pakhomo, ndikulemba ngati munthu amene anakusambitsapo m'beseni. Alamu anandipempha kuti ndisunge chinsinsi, ndipo ndachisunga kuyambira ku positi mpaka patebulo pano. Usawakalipire.

Unayenda maola anayi kudzaona chinthu, osafunsa munthu ndi mmodzi yemwe kuti ndi chiyani. Ukanagogoda pakhomo panga ndikanakubwereka malaya a malemu amuna anga, ndi kukuuza chimene mwana aliyense wa m'tauni muno amadziwa. Umene unaona uja ndi Mdipiti wa Chete. Kuyambira pamene atsika basi mpaka atagwira mwala wa pachipata cha bwalo, anyamata aja sayankhula, samwetulira, sayang'ana kumbali. Amayenda awiriawiri, maso ali pa khosi la amene ali kutsogolo. Osokosa ndi anthu. Bandi imaliza ng'oma patsogolo, atsikana amakuwa maina, akuluakulu oledzera amanena nthabwala zoti ndi mtembo womwe ungaseke, onse kuyesa kuti wina aphonye. Kukoma kwake ndi komweko.

Mwambowu unayamba ine ndisanabwere kuno. Akuti mnyamata wina wa timu anamira mumtsinje sabata ya masewero aakulu. Anamuika Loweruka m'mawa, ndipo anzake anayenda kuchokera kumanda mpaka kubwalo ndi zovala za maliro zomwezo, osayankhula, nakapambana. Kuyambira pomwepo ndi lamulo, ndipo woliphwanya savala yunifolomu tsiku limenelo. Ndinaona ndi maso anga mu 1974. Mnyamata wina dzina lake Lucius anangotsinzinira diso chibwenzi chake. Masewero anaonera ali mu tayi, tinagonja, ndipo mpaka lero ometa tsitsi m'tauni muno chaka chimenecho amachitcha chaka cha diso la Lucius. Munthuyo tsopano ndi mphunzitsi wamkulu kwinakwake, ali ndi ana anayi, koma kuno sabwera.

Sindikunena kuti ndi lamulo lanzeru. Amuna akasonkhana oposa khumi amapanga malamulo otere, inunso madikoni ku tchalitchi kwanu muli nawo anu. Koma meya wa tauni ino anaimapo pa chingwe chija dzanja lili m'malere, anyamata namudutsa ngati chitsa. Ndiye ndikufunse. Pa anyamata makumi asanu ndi atatu aja, unaona mmodzi akupereka moni kwa munthu?

Yankha msanga. Chaka chathunthu wasenza mwala umene palibe anakusenzetsa.

Odessa


Ozella, 15 Okutobala 1986

Achemwali,

Moni. Tili bwino. Bernice sindinamukalipire, ngakhale ndaona kuti m'nyumba muno chinsinsi chimakwera basi ya ku Marlowe.

Mwafunsa ngati ndinaona wina akupereka moni. Sindinapite kukaona ana a eni ake. Ndinapita kukaona wanga.

Nkhani ya womira ndi ya diso ija ndawerenga. Inu kuyambira tili ana mumadziwa kukonza nkhani kuti mupulumutse munthu ku chikwapu. Ine ndemwe ndinapulumukapo nazo, ndiye sindikukutsutsani. Mwina lamulolo lilipodi. Koma pali lina lakale kuposa limenelo, lili m'buku la Eksodo, ndipo silinena kuti lemekeza atate wako kupatula Loweruka. Mwana akamva mawu a bambo ake, khosi limatembenuka lokha. Ngakhale nkhumba zanga zimatero.

Musamuuze zimenezi. Ali ndi mayeso.

Ndine,
Cleophus Tate


Marlowe, 24 Okutobala 1986

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine ndili bwino. Azakhali andiuza zonse Lamlungu. Ati munawaletsa, koma ati woyamba kubadwa si inu.

Ndinakumvani, ababa. Katatu konse. Ku Marlowe kuno palibe wina wodziwa dzina lija, ngakhale azakhali salitchula. Ndinadziluma lilime mpaka magazi, ndikudziuza kuti ndikupezani masewero akatha. Nditalowa m'bwalo ndinayang'ana mipando mzere ndi mzere masewero onse, poti wa pa benchi nthawi amakhala nayo. Madzulo ndinazungulira poimika magalimoto kufunafuna yanu. Kenako ndinaimba lamya, amayi nati mwapita kukaona nkhumba yamphongo. Ndiye ndinaganiza kuti mutu wanga ndiwo wandinamiza, kuti ndinamva chimene ndimalakalaka kumva. Malaya anu sindinawaone nkomwe. Ndinaona khosi la Purvis, monga Loweruka lililonse.

Nkhani ina ndi iyi. Purvis yemweyo, amene ndakhala ndikudikira malo ake, wathyoka bondo Loweruka lapitali. Ndamumvera chisoni, ndi mnzanga. Kochi Whitlow wati malowo ndi anga mpaka chaka chithe. Masewero atatu otsatira ndi akutali. A pakhomo atsala amodzi okha, pa 15 Novembala, ndi adani athu a ku Calloway, ndipo ndiwo omaliza. Ndi tsiku lokhalo m'moyo wanga limene dzina la Tate lidzamveke pa chimkuzamawu cha bwalo lathu pakati pa oyamba kulowa.

Bwerani, ababa. Muime pamene munaima paja, muvale chilichonse chimene mwavala. Ndidzatuluka pamzere ndi kukugwirani dzanja pamaso pa tauni yonse. Chimene chidzatsatire ndikuchidziwa, ndipo ndaganiza bwino.

Tikiti ndaika m'kalata momwemuno.

Mwana wanu,
Renard


Marlowe, 3 Novembala 1986

Achimwene,

Moni nonse. Pekani wafika. Theka lake ndi makoko, komabe zikomo. Alamu akupeza bwanji?

Renard wasewera masewero awiri akutali, ndipo kwa nthawi yoyamba malaya ake ndachita kuviika. Kochi akuti mnyamatayu amakankha munthu ngati akukankha galimoto yotitimira m'matope. Ndinamuuza kuti anaphunzirira pa galimoto yanu.

Wandiuza zimene anakulemberani. Ndayesa kumuletsa, koma mutu ndi wa kwa Tate. Ndiye ndikuyalireni poyera. Mukabwera, atuluka pamzere. Akatuluka, kochi Whitlow samuveka yunifolomu, ngakhale asowe wina woikapo. Munthu uja anaika mayi ake Lachinayi, Loweruka anali pabwalo. Mwanayu adzaonera masewero ake omaliza ali mu tayi, ndipo tikagonja, ometa tsitsi adzapeza dzina latsopano, Lucius nkupuma. Mukapanda kubwera adzasewera, koma adzadziwa kuti bambo ake anawerenga kalata ija nakhala pakhomo. Zaka zinayi wadikira tsiku limeneli akugundidwa ndi anzake masana aliwonse popanda womuombera m'manja, ndipo lero walitenga nkuliika m'manja mwanu.

Chochita sindikuuzani. Ndikanakhala nacho ndikanakuuzani kale, mumandidziwa.

Mlongo wanu,
Odessa


Ozella, 10 Novembala 1986

Alamu anga,

Moni m'dzina la Ambuye. Mwendo ukuphwa pang'onopang'ono, koma za ulendo adokotala akanitsitsa.

Kalata ya Renard inafika mochedwa. Wamakalata watsopano anasokoneza mabokosi, ndipo inagona sabata yopitirira kwa Mayi Eula. Anaibweretsa okha, ati sanaitsegule, ngakhale guluu wake ankaoneka kuti wadutsa pa ketulo. Choncho inafika tsiku limodzi ndi yanu. Achimwene anu anatenga onse awiri kupita nawo kukhola, nakhala komweko mpaka chakudya chinazizira. Atabwera ndinawafunsa, iwo anangoti, "Mlamu wako akuti ndisapite." Ndinawerenga ndekha, ndipo pamene mwanena zimenezo sindinapaone. Koma mukuwadziwa, amamva zimene munthu sananene, zimene wanena osazimva.

Kuyambira pomwepo sanaitchulenso nkhaniyi. Tikiti ili m'Baibulo. Lachisanu anapita ku galaja kukasintha matayala awiri akutsogolo, ati akukonzekera nyengo yozizira. Dzulo ku tchalitchi anapempha a Hosea Greenlee kuti adzadyetse nkhumba Loweruka, madzulo ake anakawauza kuti asavutike. Lero m'mawa andifunsa kuti mdipitiwo umatalika bwanji, kuchokera pa basi mpaka pachipata. Ine ndingadziwe bwanji, ndinapitako liti?

Chimene ndikupempherera sindichidziwa. Ndikati apite, ndamulanda mwana mpira. Ndikati akhale, ndamulanda bambo. Ndangowauza Ambuye kuti asankhe okha. Chilichonse chimene chichitike mundilembere chonse, chifukwa iwowa akapita, pobwera adzangondiuza za mtengo wa mafuta panjira.

Mlamu wanu,
Bernice


Marlowe, 16 Novembala 1986

Alamu anga,

Moni. Amuna anu anyamuka kuno m'mawa uno atadya mazira asanu, ndiye pofika kalatayi za mtengo wa mafuta mudzakhala mutamva kale. Zotsalazo ndi izi.

Anagogoda pakhomo panga Loweruka cha m'ma naini, atavala ovololo, malaya oyera atawapachika m'galimoto. Anasinthira kwa ine. Ndinawafunsa chimene aganiza, iwo nkundifunsa ngati khofi wanga amakhala wamadzimadzi chonchi masiku onse. Ndinaona kuti palibe chimene ndingatolepo.

Pa msewu wa mitengo tinafika kukali maola awiri mabasi asanabwere, chifukwa ankafuna malo omwe aja. Anthu anali ngati nyerere pa fupa. Kumbuyo kwa galimoto iliyonse kunali moto, wina akuwotcha nthiti, wina akukazinga milamba, azimayi atayala nsalu zoyera pa matebulo ngati ndi ukwati. Mayi wina wosatidziwa anatipatsira mbale, ndipo achimwene anadya chiimire, nayamba kumufunsa mwamuna wake kuti nkhumbayo ankaidyetsa chiyani. Kenako anandisiya ndikusunga malo, nayenda msewu wonse mpaka pachipata ndi kubwerera, maso ali pansi. Ndinayesa akufuna chimbudzi.

Ndiye ng'oma. Alamu, zaka zonsezi ndimazimva, koma zimandilowabe m'mimba. Bandi inadutsa, malipenga ali waliwali, mtsogoleri wake akupinda msana chagada mpaka chipewa kugunda pansi. Pambuyo pake apolisi a njinga zamoto, kenako mabasi awiri. Chitseko chitatseguka anthu anakuwa moti mbalame zinathawa m'mitengo. Patsogolo panali kochi Whitlow, nkhope ngati chitseko cha ndende, anyamata awiriawiri pambuyo pake. Renard anali mzere wachisanu ndi chimodzi, mbali yathu. Jekete lija lamuthina m'mapewa.

Achimwene sanaitane. Anangovula chipewa nkuima. Koma munthu wamtali chonchija, imvi zili mbuu, sabisika. Ndinaona kuti mwana wawazindikira, ngakhale maso sanasunthe. Mapazi ndiwo anasintha. Anayamba kuyenda mofupikitsa, moti wa pambuyo pake anatsala pang'ono kumuponda. Phewa linayamba kupendekera kwa ife. Phazi lamanja linali litayamba kale kuchoka pamzere.

Pomwepo amuna anu anatulutsa mawu aja amaitanira nkhumba zili kutsidya kwa dambo. Ng'oma zinachepa pa mawu amenewo.

"Maso kutsogolo, Tate! Yenda!"

Mwana anawongoka ngati wagunda waya wa magetsi, phazi linabwerera. Kochi anamva, palibe amene sanamve, koma lamulo limamuletsa iyenso kucheuka.

Atatero achimwene anandipatsira chipewa nayamba kuyenda. Kunja kwa chingwe, pambali pa mwana wawo, phazi ndi phazi, maso kutsogolo, pakamwa potseka. Anthu anali othithikana, ndipo poyamba anachita kuwakankha ndi phewa. Mnyamata wina woledzera anati, "Kodi madalawa ndi a timu? Akusewera malo ati?" Mayi wina anamuuza kuti atseke pakamwa, amenewo ndi bambo a nambala 67. Mmene anadziwira sindikudziwa, mwina ndi makutu, poti a kwa Tate onse makutu ndi amodzi. Mawuwo anathamanga kutsogolo kwawo, ndipo anthu anayamba kupatuka okha, ena kukokera ana awo kumbali. Pamenepo ndinazindikira chimene anayendera msewu uja poyamba. Ankaona pamene pali mizu ndi migolo ya zinyalala, kuti asadzayang'ane pansi. Ine ndi bondo langali ndinatsalira, chipewa chili m'manja. Amene anali pachipata akuti anafika limodzi, Renard nagwira mwala, nalowa. Palibe anayang'ana mnzake.

Tinagonja, 24 kwa 17. Koma palibe angamunene mwana wathu, a ku Calloway tsiku lonse ankadutsira mbali inayo. Dzina lake linamveka pa chimkuzamawu, ndipo achimwene anauza munthu wosamudziwa amene anakhala naye pafupi kuti alitchula mofulumira kwambiri.

Masewero atatha anakumana panja pa chipinda chosinthira, pakati pa makolo ena. Ena ankakumbatirana ndi kulira. Athuwa anagwirana chanza ngati anthu ogulitsana ng'ombe. Achimwene anati wasewera bwino kupatula gawo lachitatu, Renard anati inde ababa. Ndinadikira zina, koma amuna a kwa Tate mawu amawasunga ngati adzawafuna kumanda. Chokhacho ndinaona ndi choti dzanjalo anachedwa kulisiya, ndipo sindikudziwa kuti amene ankaligwiritsa ndi uti.

Renard abwera kwanuko Lachitatu la sabata ya tchuthi cha Chithokozo pa basi ya masana. Muphike zambiri.

Mlamu wanu,
Odessa


Ozella, 19 Novembala 1986

Mwana wanga Nardi,

Moni. Ndinafika bwino. Amayi ako ali bwinoko. Iwe mapewa ali bwanji?

Makalata ako asanu ndinawerenga onse. Kuyankha ndiko kunandikanika, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga, osati kwako.

Chinthu chimodzi ndikudzudzule. Unatsala pang'ono kutuluka pamzere. Munthu ukapangana chinthu ndi anzako umachisunga, kaya aitane ndani. Chaka chatha unachita bwino. Ine ndi amene sindinadziwe chimene ndikuona.

Azakhali ako akuti ubwera Lachitatu likudzali pa basi ya masana. Ndidzakhala pa sitolo pamene imaima. Ndidzakhala ndikuchokera kukhola, ndiye za malaya oyera usayembekezere. Pamenepo palibe chingwe, palibe kochi. Ndikakuitana, ucheuke.

Bambo ako,
Cleophus Tate